Kalata kwa mwana wanga amene wasankhidwa kukhala nduna ya zaulimi ndi zachilengedwe

Mwana wanga,

Walumbira, ndipo tasangalala nawe. Koma dziwa kuti ntchito ya unduna umenewu imayendera mvula, ndipo chimene chimagwetsa nduna zambiri ndi kuchedwa.

Yambira pa feteleza. Wokulitsa amathiridwa pobzala kapena mbewu zikangomera. Wobereketsa, monga yureya amene ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, amafunika pakatha masabata atatu kapena anayi. Akafika chimanga chitamasula kale ngayaye, ndalama za boma zalowa m'madzi. Choncho werengera chobwerera m'mbuyo kuchokera pa mvula yoyamba: kuitana makampani kuti apikisane pogulitsa feteleza ku boma, kupeza ndalama zakunja, ulendo wa sitima, kutsitsa katundu padoko, malole okafikitsa kumidzi misewu isanaterere. Zonsezi uziyambe kukadali miyezi 6. Usalole kuti kampani yomwe mbiri yake sinafufuzidwe ilipidwiretu. Matumba ayezedwe ngati akukwanadi makilogalamu 50, ndipo ena atengedwe kukapimidwa kulabu, chifukwa akamberembere amasakaniza feteleza ndi mchenga.

Wosainira ndalama ndi mlembi wamkulu wa unduna. Iwe gawo lako ndi mfundo, malamulo ndi kuyankha mafunso ku Nyumba ya Malamulo. Komiti yogula katundu usamayiimbire foni, ngakhale wokupempha akhale mnzako wa m'chipani.

Ukamakambirana za bajeti ndi nduna ya zachuma, ikumbutse kuti ku Maputo mu 2003 mayiko a mu Africa analonjeza kupereka 10 peresenti ya bajeti ku ulimi, ndipo anabwereza lonjezoli ku Malabo mu 2014. Ukangopeza ndalamazo, samala kuti zisathere pa zipangizo zotsika mtengo zokha. Alangizi opanda njinga zamoto, malo a kafukufuku opanda mankhwala, ndi ngalande za mthirira zokwiririka ndi zimene zimatsatira. Pamene mbozi za ntchemberezandonda zinalowa mu Africa mu 2016, oyamba kuziona m'minda anali alimi ndi alangizi awo.

Ziwerengero za zokolola usazikometsere. Ukalengeza zochuluka pomwe zili zochepa, boma limachedwa kugula chakudya kunja ndipo abwenzi othandiza sakonzeka. M'nkhokwe za boma musalowe chimanga chokhala ndi chinyezi choposa 13 peresenti, chifukwa chimachita chuku.

Mbali ya chilengedwe ndiye yovuta, popeza maofesi ako omwe azikokana: ena akufuna minda ikule, ena akuteteza nkhalango ndi madambo. Poweruza uziyang'ana nthaka. Yureya wa chaka ndi chaka popanda manyowa amaonjezera asidi m'dothi, ndipo pH, muyeso wa asidi m'dothi, ikatsika pansi pa 5.5 mbewu zimalephera kuyamwa fosiforasi, mlimi n'kumadabwa kuti feteleza wasiya kugwira. Mankhwala ake ndi laimu, manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu ndi zamtundu wa nyemba. Damu kapena sikimu yaikulu ya mthirira isayambe lipoti lounika mmene ikhudzire chilengedwe lisanatuluke, ngakhale chisankho chitayandikira. Pansi pa Pangano la ku Paris la 2015, dziko limapereka malonjezo atsopano a zanyengo zaka 5 zilizonse. Usalonjeze mahekitala a nkhalango amene ulibe anthu owasamalira.

Za mitengo, adzakubweretsera chiwerengero cha mbande zodzalidwa pa tsiku la mwambo. Iwe uziwatuma abwererenso chilimwe chikatha akawerenge imene yapulumuka ku moto ndi ziweto.

Ndine bambo ako.