Zikomo a Imigireshoni pa boda ya Dedza

Kwa akuluakulu ndi nonse ogwira ntchito pa ofesi ya Imigireshoni pa boda ya Dedza,

Mabwana ndi madona, ndati ndilembe poyera pompano kuti aliyense awerenge, poti ife Amalawi tikakhumudwa timafuula mpaka dziko lonse limva koma wina akatichitira zabwino timangoti zikomo chapansipansi n'kumapita. Ine kwathu ndi konkuno ku Dedza, mbali ya kwa Kasumbu, koma ndinakwatiwa kutsidya ku Ulongwe m'boma la Angonia ku Mozambique, ndiye nkhope yanga ena a inu mumaidziwa bwino, ndine mayi uja amabwera ndi chapa cha mmamawa, timaminibasi ta kutsidya tija, mwana kumbuyo, pasipoti yokulunga mu jumbo kuopa mvula.

Mwina ena owerenga adabwa kuti munthu wapabanja amazungulira chani pa boda mwezi ndi mwezi. Nkhani yake ili chonchi, Mmalawi akamalowa ku Mozambique safunika viza, amangomudindira masiku 30 basi. Masikuwo asanathe uyenera kutuluka, ukapitiriza ndiye walakwira lamulo ndipo pali multa, kapena kuti chindapusa, yomwe imawerengedwa tsiku ndi tsiku, mu metikali, osati kwacha yathuyi ayi. Amene akufuna kukhazikika amayenera kukhala ndi chiphaso chomwe amachitcha DIRE, ndipo pomwe mapepala ake akusonkhanitsidwa palibe kuchitira mwina, umanyamuka, pa boda yawo ya Calomue akudindire kutuluka, kuno mundidindire kulowa, ndigone kwa mayi, kenako ulendo wobwerera. Anthu kumudzi amati koma mwanayu amatikonda, sachedwa kubwera. Kuwakonda ndimawakondadi koma chidindo nachonso chimathandizira chikondicho, tisaname.

Chachikulu chomwe ndikuthokozera ndi ichi. Ulendo wa mwezi wa June, kuzizira kwa ku Dedza mukukudziwa inu, zala zochita kuuma, ndinapeza pa windo mayi wina wa yunifolomu. Dzina sinditchula kuopa kuwachititsa manyazi, koma akawerenga adzidziwa okha. Akanatha kungomenya chidindo n'kuitana wotsatira, palibe akanawafunsa. Koma iwo anatsegula masamba onse limodzilimodzi, kenako n'kundifunsa mwaulemu kuti mayi, kodi kutsidyaku mumakhalako kapena mumangocheza? Mtima unagunda, ndinaganiza kuti basi lero zandivuta. Ayi ndithu, anangondiimika pambali kuti mzere usaime, n'kundifotokozera bwinobwino kuti kutuluka ndi kulowa kumeneku si chilolezo chokhalira m'dziko la eni, ndi chidindo cha mlendo chabe, sichilola munthu kulembedwa ntchito, komanso wa ofesi wa kutsidya ali ndi mphamvu zokana kukulowetsa akaona kuti ukukhalira chidindo cha ulendo. Ndiye anati limbikirani za DIRE zo, musamazengereze poti boda ili pafupi.

Sanalekere pomwepo. Anandionetsa tsiku lothera pasipoti yanga, kuti ngakhale pasipoti ya munthu wamkulu imakhala zaka 10, ikatsala ndi miyezi yochepera 6 maiko ambiri amayamba kuikana, ndiye yanga inali ikuyandikira pamenepo. Anandiuza kuti ndiyambiretu za yatsopano ku Lilongwe, ndipite ndekha ndi chiphaso chaunzika, ndalama ndilipire pamalo oyenera ndipo ndisunge lisiti. Za madobadoba anachita kubwereza kawiri, kuti pasipoti sapatsira munthu wapanjira ngakhale atavala tayi n'kumati amadziwana ndi abwana m'katimo. Ndipo zoona, alipo anyamata ena omwe amakuuza kuti mayi musavutike kukwera chapa, tipatseni buku lanulo tikadinditsa ife, madzulo mulilandira. Ndikudziwa amayi anzanga omwe amachita zimenezo, ine sindiwaweruza poti thiransipoti yakwera, koma chidindo choti mwini wake sanaonekere pa windo n'chokayikitsa, tsiku lomwe adzachifufuze mu kompyuta ndi pomwe munthu adzalire.

Atafunsidwa za mapepala a DIRE anayankha moona mtima kuti mndandanda weniweni ndikautenge kwa a Migração, a Imigireshoni a ku Mozambique, konko poti ndi nkhani ya dziko lawo, iwo sangalankhulire ofesi ya anzawo. Koma anandilozera za mbali ya kuno, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ndilibe milandu yomwe imatengedwa ku likulu la polisi ku Area 30 atakudinda zala, setifiketi ya ukwati, komanso kuti mapepala ngati amenewa amafunika kuwamasulira m'Chipwitikizi. Anandikumbutsanso kuti dziko lathu lili ndi kaofesi ka kazembe mu mzinda wa Tete, moti zikandithina kumeneko ndisamangolira ndekha m'nyumba. Zonsezi popanda kundipempha ngakhale ya fanta. Ine ndinali nditagwira kale kandalama m'manja mwachizolowezi, anangoyang'ana n'kunena kuti mugulire mwanayo chipewa, kukuzizira.

China chaching'ono koma kwa ife n'chachikulu, ndi kadindidwe kanu. Pasipoti wamba masamba ake ndi owerengeka, ulendo umodzi wokha umadya zidindo zinayi, ziwiri kuno ziwiri kutsidya. Munthu wosaganizira mnzake amangomenya pakatikati pa tsamba loyera, tsamba lonse lapita. Koma pa windo panupo ndaona ambiri mumafufuza kampata, kudinda m'mphepete moyandikana bwinobwino ngati mizere ya kachewere m'dimba. Mwina kwa inu si kanthu koma mumatipulumutsira ndalama ya buku latsopano.

Ndinene pang'ono chifukwa chake ulemu wanuwo umatikhudza chonchi. Malire ano anadula pakati pa abale. Kuchokera kwa Biriwiri kudutsa pa Lizulu mpaka kuyandikira ku Dedza kuno, msewu wa M1 ukuyenda m'malire mwenimweni, pa Lizulu ukawoloka tala kukagula kabichi mbali inayo ndiye kuti wafika kale ku Mozambique. Chilankhulo ndi chimodzi, Angoni a kwa Gomani mizu yawo ili ku Domwe ku Angonia komweko, maliro timalira limodzi, ngoma timavina limodzi. Bambo a kunyumba kwanga anakulira konkuno, makolo awo anathawa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique ija ali kamwana, nthawi yomwe dziko la Malawi linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni ndipo Dedza ndi Ntcheu anali odzadza. Anaphunzira pulayimale kuno, anabwerera kwawo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Ndiye maukwati ngati athuwa ndi ambirimbiri, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti lamulo limati chani, amangodzera njira zachidule zam'minda mpaka tsiku lomwe adzakumane ndi apolisi ali kutali ndi malire. Munthu wotere ukamukalipira pa windo sabweranso, ulendo winawo adzera kutchire. Koma ukamulankhula ngati mmene anandilankhulira mayi aja amakauza anzake, ngati mmene ndikuchitira inemu, moti amayi awiri a kumpingo kwathu ku Ulongwe ayamba kale kuyendetsa mapepala awo.

Kapempho kamodzi kokha, osati dandaulo ayi. Zomwe anandiuza pakamwazi zikanalembedwa pa chikwangwani m'Chichewa pafupi ndi windo, masiku omwe munthu amapatsidwa, za miyezi 6 ija, za mapepala a ana poyenda, zikanathandiza agogo ndi amayi ambiri omwe amaopa kufunsa munthu wa yunifolomu. Mwinanso kukalankhulako pa wailesi za m'madera zino, poti kutsidyaku timamvera zomwezo.

Pasipoti yatsopano ndinatenga, kalata ya kupolisi inatuluka, mapepala onse ndinakapereka ndipo pano ndikudikira. Kufikira itatuluka DIRE yo muziona nkhope yangayi ndithu, musatope nane. Mundiperekere moni kwa mayi aja komanso kwa bambo wa pa geti yemwe amatilozera ife a ana kumbuyo kuti tikhale pa benchi.

Ambuye akudalitseni pa ntchito yanu.

Ine mlongo wanu,
Mayi wa kwa Kasumbu wokhala ku Ulongwe