Bango la ku Elephant Marsh lisapse anamzeze asanabwerere

Akonzi,

Tikupempha mafumu a ku Chikwawa ndi Nsanje kuti agwirizane zoletsa kutentha bango m'dambo la Elephant Marsh kuyambira Okutobala mpaka Epulo, miyezi imene anamzeze ochokera ku Ulaya amakhala kuno.

Namzeze amalemera magalamu pafupifupi 20 basi. Amafika mvula ikayandikira, n'kubwerera mu Malichi kapena Epulo. Asananyamuke ayenera kunenepa, poti mafutawo ndiwo kamba wake podutsa chipululu cha Sahara. Amadya tizilombo touluka monga udzudzu, ntchentche ndi ngumbi, ndipo tambiri timaswana m'madzi osaya ndi m'matope. Mvula ikadula ngati mu 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 ali pangozi, zithaphwi zimaphwa msanga, ngumbi sizituluka mokwanira, mbalame imanyamuka yowonda n'kukafera m'njira.

Za mvula tilibe nazo mphamvu, koma moto timayatsa ndife. Chimanga chikapserera kumunda aliyense amathamangira kudimba, ndipo chachidule potsegula malo ndi machesi. Komatu m'bango lomwelo ndimo anamzeze amagona, zikwizikwi pamalo amodzi, atakangamira pamapesi pamwamba pa madzi pomwe zilombo zoyenda pansi sizifika. Bango likapsa amakaunjikana pakachigawo kotsala, pamene achinyamata a ulimbo ndi malegeni savutikanso kuwapeza. Wanjala sitingamuuze kuti asalime dimba, ayi. Koma adule ndi chikwanje malo okhawo amene adzalepo, asiye bango la mamita 10 kapena 15 m'mphepete mwa madzi. Bangolo limagwiranso nthaka Shire ndi Ruo akadzasefukira.

Palinso mankhwala a mbozi. Cypermethrin amapha nsomba ndi tizilombo ta m'madzi ngakhale atadontha pang'ono. Alimi apopere pansonga ya chimanga pamene mbozi imabisala, kopanda mphepo. Sipuleya asatsukire m'dambo: atunge madzi m'ndowa, akatsukire kutali, madzi otsukirawo athire m'dzenje n'kukwirira.

Dambo limeneli, la mahekitala opitirira 61,000, linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar mu 2017, kutsatira nyanja ya Chilwa. A nthambi yoona za nyama zakutchire akhale pansi ndi makomiti a asodzi, alembe malo ogona anamzeze, awapereke kwa nyakwawa iliyonse Okutobala asanafike.

Okonda mbalame,
Bangula, Nsanje