Bondo lotupa ndi lotentha si lothowa kunyumba

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhuleko za maondo. Kuno ku Lusaka anthu ambiri, makamaka amayi ogulitsa pa Soweto Market amene amaima tsiku lonse, akungomeza mankhwala ochepetsa ululu a Brufen ndi diclofenac ngati mtedza. Mankhwala amenewa akamwedwa kwa miyezi amakumba zilonda m'mimba ndi kuwononga impso. Amene ali ndi BP, zilonda zam'mimba, kapena mayi woyembekezera asawamwe popanda kufunsa dokotala. Panadol ndiyo yoyambira: kwa munthu wamkulu, mapiritsi awiri a 500mg, pakapita maola 6 enanso awiri, osapitirira 8 patsiku.

Bondo likabinya kumene, kulungani madzi oundana m'chitenje, muikepo mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku kwa masiku awiri, mwendo uli pamtsamiro. Madzi otentha panthawiyi amangowonjezera kutupa.

Kwa akuluakulu amene bondo limawawa pokwera minibasi kapena podzuka pamphasa, nthawi zambiri kafupa kofewa ka pamfundo kayamba kutha. Apa kungogona kumafooketsa ntchafu, ndipo ntchafu ikafooka thupi lonse limatsamira pamfundo yomweyo. Gonani chagada, pindani mwendo wabwinowo, wodwalawo muuwongole ndi kuukweza mpaka ufanane ndi bondo linalo. Werengani mpaka 5, tsitsani pang'onopang'ono. Chitani ka 10, m'mawa ndi madzulo, ndipo musataye mtima msanga, kusintha kumaoneka pakatha milungu ingapo. Ndodo igwiridwe kudzanja la mbali ya mwendo wabwino, ambiri amalakwitsa pamenepa.

Chimene chatilembetsa kalatayi kwenikweni ndi ichi. Bondo likatupa, likutentha mukaligwira, munthu akumva kuzizidwa ndipo sakulola kuti mulipinde, mwina muli mafinya mkati. Mafinya amadya mfundo m'masiku ochepa, munthu n'kulumala moyo wonse. Musatemepo mphini, musathowe, pitani tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, kaya ku Matero, Chawama, Kanyama kapena Chilenje, ndipo akaona kuti n'zazikulu adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH. Chimodzimodzi ngati mwagwa ndipo mwendo sukuponda, bondo lakanirira osawongoka, kapena katumba watupa mwendo umodzi, chifukwa mwina magazi aundana mumtsempha.

Makolo, mwana akamatsimphina n'kumaloza bondo musati akukula. Nthawi zina vuto lili m'chiuno, ululu wangotsikira pabondo. Mwana wa matenda a magazi a sickle cell ndiye musagone naye n'komwe kunyumba.

Ogwira ntchito yolimbitsa mafupa ndi minofu,
Lusaka