Chilengezo: Kutsuka Zokongoletsa za Dothi Lootcha

Okondedwa mamembala,

Tikukudziwitsani kuti zokongoletsa za dothi lootcha zija, zomwe tinapulumutsa pamene nyumba yakale ya chipatala inkagumulidwa, zafika, ndipo Loweruka lino m'mawa tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse kuti tizitsuke.

Chonde mubwere ndi ndowa ndi maburashi ofewa basi, chifukwa burashi yawaya kapena asidi zimasupula khungu lolimba limene moto unasiya pamwamba, ndipo likachoka madzi amalowa, dothi n'kuyamba kufumbutuka. Chidutswa china chili ndi duwa kutsogolo, koma chomwe chandikhudza mtima ndi kumbuyo kwake, komwe kukuonekabe zidindo za zala za woumba.

Tikamaliza tidzapita ku tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda wa Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, kukaona njerwa zake zoumbidwa mosiyanasiyana.

Mlembi