Atolankhani aphunzitsidwe kawerengedwe ka kukwera kwa mitengo

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule za momwe nkhani ya kukwera kwa mitengo ikuulutsidwira. Tsiku lina ndili pamsika kuno kwathu, wailesi ikulira pa okala ya mnyamata wogulitsa mayunitsi, wowerenga nkhani anati mitengo ya zinthu yatsika chifukwa inflation yatsika. Mayi amene amandiyezera nyemba anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Abambo, yatsikira kuti? Kapena kwawoko?" Sindinawatsutse, pakuti mbale yomwe ija ya nyemba inali itakwera kale kawiri chikololereni.

Ndinaphunzitsa masamu kusekondale mpaka kupuma, ndiye zoterezi zimandipweteka. Inflation ndi liwiro limene mitengo ikukwerera. Ikatsika, ndiye kuti mitengo ikukwerabe, koma pang'onopang'ono. Tiyerekeze thumba la K10,000 lakwera ndi 30 peresenti, lafika K13,000. Chaka chotsatira lakwera ndi 20 peresenti, lafika K15,600. Inflation yatsikadi kuchoka pa 30 kufika pa 20, koma wogula akutulutsa K2,600 yoonjezera. Mtolankhani akamuuza munthu ameneyu kuti zinthu zatchipa, munthuyo amangoti boma likunama, chonsecho cholakwika ndi kamasuliridwe.

Chiwerengerochi chimachokera ku National Statistical Office (NSO) ku Zomba, ndipo chimatuluka mwezi ndi mwezi. Iwo amatenga dengu la zinthu zimene banja limagula, chimanga, mafuta ophikira, sopo, lendi, thiransipoti, mankhwala ndi zina, n'kumaona mtengo wa dengu lomwelo miyezi ikamapita. Chilichonse m'dengumo chili ndi kulemera kwake pa chiwerengerochi, molingana ndi ndalama zimene mabanja amawonongerapo, kotengedwa ku kafukufuku wa m'makomo wotchedwa Integrated Household Survey, monga wachisanu uja wa 2019 ndi 2020. Mchere ukhoza kukwera kawiri chiwerengero osagwedezeka kwenikweni, koma chimanga chikangosuntha pang'ono chimakoka zonse, chifukwa ndalama zambiri za Mmalawi zimathera pa chakudya. N'chifukwa chakenso amafananiza mwezi uno ndi mwezi womwewu wa chaka chatha. Kufananiza Febuluwale, nkhokwe zili mbee, ndi Meyi, anthu akukolola, n'kudzinamiza.

Komatu ntchito yeniyeni ili kwa amene amayenda m'misika kutolera mitengoyo, ndipo ndimawamvera chisoni. Msika wathu suyendera sikelo. Mulu wa tomato wa K500 ukhoza kukhala pa K500 miyezi itatu, koma unali wa tomato asanu, lero ndi atatu, winayo wofinyika. Bonya ndi chimodzimodzi. Chigoba cha chimanga ena amachiphwanya kunsi kuti chichepe, ndipo mafuta a m'timapepala aja amangoonda mtengo uli pomwepo. Wotolera mitengo amene sanaphunzitsidwe kuyeza mulu uja pa sikelo n'kupeza mtengo wa kilogalamu adzalemba kuti palibe chasintha. Nanga sopo amene amamulemba mwezi uliwonse akasowa m'golosale, monga zinkasowera zinthu ndalama zakunja zitavuta, alowetsepo uti? Akatenga wamtundu wina wokwera mtengo, kusiyanako ndi kukwera kwa mitengo kapena ndi ubwino wa sopoyo? Mafunso amenewa ali ndi mayankho ake m'maphunziro a ntchitoyi, ndipo ndalama zophunzitsira anthuwa zisamaonedwe ngati zongodyera maalawansi kunyanja.

Akatswiri athu ali ndi kophunzirira, ku University of Malawi ku Zomba komweko ngakhalenso ku Eastern Africa Statistical Training Centre ku Dar es Salaam. Amene atsalira ndi aja otifikitsira uthengawo. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, inflation inapyola 30 peresenti, ndipo nkhaniyi inalowa m'minibasi ndi m'maliro momwe. Atsogoleri a mabungwe a anthu apantchito amapita kukakambirana za malipiro atanyamula chiwerengero chomwechi. Wosachimvetsa amavomera kukwezedwa malipiro ndi 10 peresenti akuwomba m'manja, osadziwa kuti malipiro ake achepa mphamvu.

Pempho langa lipite kwa a NSO, a Reserve Bank of Malawi ndi sukulu zophunzitsa utolankhani monga Malawi Institute of Journalism: konzani maphunziro a masiku ochepa chabe, makamaka a olemba ndi owerenga nkhani m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo tsiku limodzi muwatengere kumsika ndi sikelo m'manja. Mugwirizanenso mawu amodzi otchulira inflation m'chinenero chathu, chifukwa pano aliyense akumasulira zake.

Inunso a Mkonzi, chiwerengero chikatuluka muzitilembera padera cha chakudya ndi cha zinthu zina, cha m'tauni ndi cha kumudzi, popeza a NSO amazisiyanitsa kale. Tsamba limenelo ndidzalidula ndikawawerengere mayi a nyemba aja.

Mphunzitsi wopuma,
Balaka