Anyamata a kabaza, musamatsike mapiri injini ili chete

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za njinga zamoto, poti zikatuluka munyuzi muno nthawi zambiri imakhala ngozi yachitika kale, wakabaza wagwera kuphompho, mayi ndi mwana avulala, tonse timangopukusa mitu nkutsegula tsamba lina. Ine ntchito yanga ndi yokonza njinga zomwezi pano pa Nkhotakota boma, ndipo pali khalidwe lina lomwe ndakhala ndikuwakalipira nalo anyamata pa shedi panga koma kuopsa kwake kwenikweni ndakuona ndi maso anga pa ulendo omwe tinayenda pa holide ya 6 July.

Holide ija inalumikizana ndi wikendi ndiye tinati masiku amenewa tisangothera pa bawo, tiyeni tikakwere Gorodi, msewu wakale uja wochoka pa Chitimba kukafika ku Livingstonia, omwe azungu amachita kuchokera kutali ndi zinjinga zawo zikuluzikulu kudzaukwera pomwe ife eni dziko timangoumva. Tinalipo atatu, ine pa Boxer yanga, alamu anga pa Lifo, ndi mzathu wina wogulitsa usipa naye pa yake. Tinatenga machubu awiri, pampu, zigamba ndi guluu, mapulagi, waya wa kilatchi, mashuzi a buleki a sipeya (tizitsulo tokhala ndi chikopa tomwe timagwira tayala mkati ukamanga buleki), chigubu cha malita 5 cha petulo poti masiku ano sungadalire kuti pa filing'i ukapeza mafuta, ndi majekete okhuthala chifukwa July kumtunda kuja si masewera.

Tinanyamuka Lachisanu dzuwa litapendeka, mwera ukutikankha kumsana. M5 aliyense wa kuno amaidziwa, kuoloka Bua, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, timilatho tija tongokwana galimoto imodzi tomwe umayenera kuyamba wasuzumira kaye kutsidya usanalowepo, Dwambazi, Tukombo, Kande, Chintheche, kenako mitengo ya labala ija pomwe ana amagulitsa mipira mmbali mwa msewu, nkuyamba chikweza cha ku Mzuzu. Tinafika kutada zala zitachita dzanzi ndi kuzizira. Mmawa Loweruka tinagwira M1, Ekwendeni, Phwezi, nkutsika Chiweta komwe nyanja imangotulukira mwadzidzidzi pansi pako ngati wina wayala chitenje, anyani ali ndandanda mmbali mwa tala, fungo la mabuleki a mathiraki lili guu.

Nde pa Chitimba tinakhotera kuphiri. Akonzi, msewu uwu ndi wa makilomita pafupifupi 15 okha koma uli ndi makona 20 opindika ngati chigongono, ndipo pofika pamwamba umakhala wakwera mamita pafupifupi 900 kuchoka pa nyanja. Amishoni anaukumba zaka zoposa 100 zapitazo ndipo mbali yaikulu ukadali wa miyala, ina yogwira ina yongogubuduzika pansi pa tayala, mwina ndi mwina konkire pang'ono pa kona, uku khoma la phiri uku phompho loti ukaponya mwala sumva pomwe wagwera. Umayenda pa giya 1, pena 2, matako utawadzutsa pang'ono pa mpando, maso kutsogolo komwe ukufuna kupita osati kuphompho ayi. Alamu anga njinga inawazimira pakati pa kona ina nkuyamba kubwerera chambuyo, iwo kugwira buleki ya kutsogolo tayala likungokhwekhwereza pa miyala, mpaka ndinachita kukuwa kuti alamu pondani ya kumbuyo, pondani ya kumbuyo, ndi pomwe inaima. Tinapuma kaye pamenepo mitima ikugunda.

Tili chiimire pomwepo ndi pamene zinachitika zomwe zandilembetsa kalatayi. Sitinamve kulira kwa injini kulikonse, tinangomva miyala ikuchita gwedegwede kumtunda, kenako njinga inatulukira pa kona ili chete, mnyamata wa zaka mwina 20 atatambasula miyendo yonse iwiri mapazi akukwekwesa pansi, kumbuyo kuli mayi atabereka mwana, thumba la chinangwa litamangidwa pa keriya. Mayi aja sankakuwa nkomwe, anangotseka maso atamugwira mnyamatayo malaya. Mwayi wake anaiwongolera kukhoma la phiri nkukaigunditsa mu ngalande, inapendekeka koma sinagwe. Akanati aiwongolere mbali inayo bwenzi nkhaniyi mutailemba ndinu osati ine.

Tinathamangira. Fungo lokha linandiuza kale vuto, kununkha kwa buleki yopsa sikusowa. Ndinadontheza timadzi ta mbotolo pa habu ya kumbuyo, pakati pa tayala pomwe pamakhala buleki, tinachita kuti tswee ngati pa chiwaya cha tchipisi. Patapata wa kumanzere wa mnyamata uja anali atadyeka mpaka chidendene chikutuluka magazi. Ndinamufunsa kuti mphwanga, injini wazimitsiranji pa phiri ngati ili? Anandiyankha mChichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, mwaulemu ndithu, kuti madala petulo wadula, pokwera njinga imamwa kwambiri ndiye potsika ndi pomwe timabwezera, komanso abwana eni njinga madzulo amafuna ndalama yawo yokwana kaya kunali anthu kaya kunalibe. Ndikuyang'ana kutsogolo ndinapeza waya wa buleki ya kutsogolo ndi womasula, akuti anzake pa siteji anamuuza kuti buleki ya kutsogolo imagwetsa ndiye bola kuichotseratu.

Tinadikira kuti habu izizire nkumasula tayala. Mashuzi aja chikopa chake chinali chitatheratu, chitsulo chikudyana ndi chitsulo, natinso yokokera buleki anali ataimanga mpaka kumapeto kwa ulusi, kusonyeza kuti makaniko wina anangomukokera nkumulipiritsa osamuuza zoona. Njinga yake inali mtundu umodzi ndi ya alamu anga ndiye mashuzi athu a sipeya analowa bwinobwino, tinalumikizanso waya wa kutsogolo uja. Mayi aja nthawi yonseyi anakhala pa mwala akuyamwitsa mwana, manja akunjenjemera, ndipo titamaliza anakana kukweranso, anati ayenda wapansi mpaka ku Chitimba. Ine sindinawaletse.

Mnyamata uja sindikumunyoza ayi, ndikumumvetsa, nanenso petulo ndimagula ndi ndalama yomweyi. Komatu masamu akewo ndi olakwika ndipo anyamata ambiri sanauzidwepo ndi munthu. Njinga ikamatsika ili pa giya 1 kapena 2, kilatchi utaisiya, osaonjezera moto, injini ndi imene imaigwira njingayo kuti isathamange, ndipo mafuta omwe imamwa nthawi imeneyo ndi timadontho tomwe tija imamwa ikangoima ikulira payokha, sungathe nkuona kusiyana mu thanki. Ukaizimitsa nkuiika pa fili, kutanthauza kuichotsa pa giya, katundu yense, iweyo, pasenjala, thumba, njinga, zonse zimatsamira pa timashuzi tiwiri tating'ono ngati zala. Timatentha, ndipo buleki ya dilamu ikatentha imasiya kugwira olo mashuzi akhale atsopano, umaponda chopondera chikungolowa pansi njinga ikupitabe, nde pamenepo kuti uyambe kulimbana ndi kuliza injini ndi kufuna giya kona yakupeza kale. Za buleki ya kutsogolo nazonso ndi bodza lomwe lapha anthu, imagwetsa ukaikoka mwamphamvu kamodzi pa miyala kapena uli pakati pa kona, koma ukamaifinya pang'onopang'ono njinga ili chilili ndi imene imagwira kwambiri kuposa ya kumbuyo, makamaka potsika pomwe kulemera konse kwapita kutsogolo.

Tinafika pamwamba dzuwa likulowa. Ku Livingstonia nkokongola abale, kamphepo kozizira, mitengo ya paini, nyumba za njerwa zofiira, Stone House ija ya Dr Robert Laws yomwe pano muli zinthu zakale, ndipo ukaima kumphepete nyanja yonse ili pansi pako mpaka mapiri a kutsidya. Laws anasamutsira mishoni ku Khondowe, komwe kuli Livingstonia, mu 1894 kuchoka ku Bandawe komwe tinadutsa dzulo lake, kuthawa malungo a kunyanja. Lamulungu mmawa tinakaona mathithi a Manchewe, madzi akugwa mamita 125, ndi phanga lija kuseri kwa madzi lomwe anthu akale ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Koma kunena zoona ine mutu wanga unali pa mayi aja basi. Ife tinabwera kudzasangalala, tinavala zipewa, magolovesi, mabuti, tinasankha tokha kukwera phirilo, pomwe iwo ndi njira yawo ya kumsika ndi kuchipatala sabata ndi sabata, alibe chipewa, ndipo sadziwa kuti mkati mwa habu muli chani. Pobwerera tinadzera mbali ya Njakwa nkugona ku Mzuzu, Lolemba madzulo tinali kunyumba.

Izi si za ku Gorodi kokha ayi. Pitani pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, pitani mmapiri a ku Ntchisi potsikira kuno kunyanja, pitani ku Mvera pa msewu wa Salima, mungoima mphindi zochepa muona njinga zikutsetsereka zili chete, zina zitanyamula matumba a makala atatu. Ndiye ndikupempha akuluakulu oona za misewu kuti pamwamba pa zitsetse ngati zimenezi pakhale zikwangwani za mChichewa, kumpoto za mChitumbuka, zonena poyera kuti tsikani pa giya, osazimitsa injini, chifukwa kachikwangwani ka chithunzi cha galimoto yopendekeka kaja mnyamata yemwe anaphunzira njinga pa bwalo la mpira masiku awiri sakadziwa tanthauzo lake. Matcheyamani a masiteji a kabaza, inu mumatolera ndalama tsiku ndi tsiku ndipo anyamata amakumverani kuposa wina aliyense, mmawa musanayambe ntchito tagwirani buleki ya njinga iliyonse, yomwe ilibe ya kutsogolo isanyamule munthu. Eni njinga nanunso, mukamawerenga ndalama madzulo muzifunsako kuti mashuzi anasinthidwa liti.

Amakaniko anzanga ndiye ndikunena nanu mwachindunji poti tikudziwana. Munthu akabwera kuti buleki yalowa, tisamangomanga nati nkulandira kandalama, tayala kumasula ndi mphindi zochepa, timuonetse yekha mmene mashuzi athera. Akakana kugula bola wakana ataona. Ndipo inu amayi ndi abambo okwera kabaza, ndalama ndi yanu moyonso ndi wanu, mukamva injini yazima pa chitsetse muuzeni mnyamatayo aime pompo ailize, akakana tsikani, musachite manyazi.

Mashuzi akutha aja ndinabwera nawo, ndawakoleka pa msomali pa shedi panga ndipo wakabaza aliyense wobwera kudzapopetsa tayala ndikumamupatsa kuti awagwire mmanja. Yemwe ali pafupi ndi boma abwere nayo njinga yake Loweruka lililonse mmawa, kuona mabuleki sindilipiritsa.

Wokonza njinga zamoto,
Nkhotakota