Lipoti la msonkhano wa matenda otsegula m'mimba ndi kusanza kwa ana aang'ono

Amfumu, apampando, makolo a m'komiti ndi alezi anzanga a pasukulu yathu ya mkombaphala, ndabwerako kumsonkhano umene munandituma kuboma. Tinalipo alezi ochokera m'sukulu zosiyanasiyana, amayi a m'makeya gulupu, a makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi alangizi a zaumoyo. Otiphunzitsa anali namwino wa ku wodi ya ana ndi bambo wina woona za madzi ndi ukhondo. Ndalama ya thiransipoti imene munasonkha inakwana, malisiti ali kwa msungichuma. Zolonjerana ndazidumpha, ndalemba zokhazo zimene zikutikhudza pano.

Munandituma ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani mwana mmodzi akayamba kutsegula m'mimba pasukulu pano, sabata isanathe timamva kuti anzake agwa nawo, kenaka mayi awo, kenaka agogo. Yankho lake ndilifika. Ndiyambe kaye ndi nkhani imene namwino anakhalitsapo, chifukwa ndi imene imapulumutsa mwana amene wadwala kale.

Anati kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kophatikiza ndi kusanza, kumene kumagwira ana mwadzidzidzi, nthawi zambiri kumabwera ndi mavairasi, makamaka rota ndi noro. Mavairasiwa samva Flagyl, samva Bactrim. Thupi limathana nawo lokha, kawirikawiri sabata isanathe. Chimene chimapha mwana m'masiku amenewo ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Apa m'chipinda munali phokoso ndithu, chifukwa tonse tikudziwa kuti mwana akangotsegula kawiri, mayi amathamangira kugolosale kukagula mapiritsi awiri a Flagyl. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti iye anampatsa wake ndipo anachira. Namwino anamufunsa kuti anachira patapita masiku angati, ndipo atayankha, anamuuza kuti akanachira tsiku lomwelo ngakhale popanda piritsi. Maantibayotiki ali ndi malo ake, monga pa kamwazi ndi pa kolera woopsa, koma olemba ndi achipatala atamuona mwanayo. Mapiritsi oimitsa m'mimba amene akuluakulu amamwa paulendo, amenewo mwana asapatsidwe n'komwe.

Kenaka anasungunula Thanzi tonse tikuona. Anasamba m'manja, anatenga botolo la madzi la 500 ml n'kulidzaza kawiri ndi madzi owiritsa ozizira kuti ikwane lita imodzi, anathira paketi yonse, n'kutakasa mpaka ufa wonse utasowa. Anatsindika kuti paketi siigawidwa. Ambiri amathira theka m'kapu pofuna kusunga ina, ndiye madziwo amachuluka mchere n'kumuonjezera mwana vuto. Zotsala zikagona kupitirira maola 24, tayani, musungunule zina. Mwana wosakwana zaka 2 amwe pakati pa 50 ndi 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi cha madzi, kumene kuli ngati kota kapena theka la kapu yaikulu. Wa zaka 2 kupita m'tsogolo amwe theka mpaka kapu yathunthu.

Chimene chinandigwira mtima ndi kamwetsedwe. Anakhazika chidole pamiyendo chitakhala tsonga, n'kumachipatsa sipuni imodzi, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, sipuni ina. Ife timalakwitsa pompa: timampatsa mwana kapu yonse kuti agugude, amasanza, ndiye timati Thanzi wamukana. Akasanza mudikire mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono kuposa poyamba. Ngakhale akusanza, ena mwa madziwo amatsalira m'thupi. Ndi ntchito yotopetsa, ya usiku wonse, ndipo abambo amene mukuwerenga lipotili, sipuni ija inunso mukhoza kuigwira kuti mayi atsinzineko.

Ngati kwada ndipo Thanzi palibe m'nyumba, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zikhoza kukufikitsani m'mawa. Fanta, Sobo ndi majuwisi otsekemera ayi, shuga wake amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegulako kumakula.

Zinki ndiye amene timamuiwala. Kuyambira mu 2004, WHO ndi UNICEF amalangiza kuti ORS, amene ndi Thanzi uja, aziyendera limodzi ndi zinki: piritsi la 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo khanda losakwana miyezi 6 theka la piritsi. Limasungunuka pa sipuni ndi mkaka wa m'mawere kapena timadzi pang'ono. Limafupikitsa matendawo komanso limathandiza kuti asabwererenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Vuto ndi lakuti mwana akayamba kuthamanga pabwalo tsiku lachitatu, mapiritsi otsala amakwera padenga la kabati. Alangizi ena anadandaula kuti pamakhala nthawi zinki amawathera m'bokosi la kiliniki ya m'mudzi. Otiphunzitsa anavomera kuti zimachitika, koma sanalonjeze kanthu, ndipo ine sindinakhutire ndi yankho limenelo.

Za chakudya sizinatenge nthawi. Woyamwa apitirize kuyamwa, kawirikawiri kuposa masiku onse, ngakhale mayi atakhala ndi pakati pena. Wosiya kuyamwa apatsidwe phala lofewa la nsinjiro kapena la likuni, nthochi yakupsa, mpunga, pang'ono pang'ono koma kangapo. Akachira, muonjezere chakudya kamodzi patsiku kwa masabata awiri kuti abweze thupi. Kumumana chakudya poti m'mimba mupume ndi kumene kumaweta kunyentchera.

Panabukanso nkhani ya liwombo, ndipo ndikupempha agogo athu andimvere bwino, sindikunyoza. Liwombo likalowa m'kati mwana akutsegula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Kumata mankhwala pamutu sikulikweza, limakwera lokha mwana akamwa. Namwino anati ana ambiri amene amafika mochedwa ku wodi amafika atamatidwa pamutu, masiku awiri atatha kale. Za mano anati zoona, ana ambiri amatsegula m'mimba nthawi imene mano akumera, koma n'chifukwa choti msinkhu umenewo amakwawa n'kumaika chilichonse m'kamwa. Mano alibe mlandu, ndipo mwanayo afunika Thanzi monga wina aliyense.

Anationetsa kutsina khungu la pamimba, pakati pa mchombo ndi m'mbali, n'kulisiya. La mwana wabwino limabwerera nthawi yomweyo. Likatsalira litaima kwa kanthawi, madzi achepa kwambiri. Mukaona zimenezo, kapena maso alowa, kapena mwana akulephera kuyamwa ndi kumwa, akusanza chilichonse, walefuka moti sakudzuka bwino, wakomoka, kapena m'chimbudzi muli magazi, nyamukani osadikira kuti kuche, Thanzi ali m'botolo muzimumwetsa m'njira ngati akutha kumwa. Chimodzimodzi khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wonyentchera kale, ndi amene watsegula m'mimba mpaka masiku 14. Thupi likatentha akayezedwe malungo. Pokayika, imbani 929, Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere.

Tsopano funso lanu lija. Bambo wa zaukhondo anayamba ndi kutifunsa kuti ndani mwa ife amasamba m'manja ndi sopo akachoka kuchimbudzi. Manja anakwera onse. Anafunsanso kuti ndani amasamba ndi sopo akasintha mwana thewera. Anakwera ochepa, ndipo enawo anaseka mwamanyazi. Iye anati nkhani yonse ili pamenepo. Timaganiza kuti chimbudzi cha mwana n'chosaopsa poti amangodya phala ndi mkaka, chonsecho cha mwana wodwala rota chimadzaza ndi tizilombo tosawerengeka, pamene tochepa chabe tikwanira kudwalitsa munthu wina. Mayi amapukuta mwana, amapukutira manja pachitenje, n'kupita kukaomola nsima. Masanzinso ndi chimodzimodzi, makamaka a noro, amene amagwira ndi akulu omwe.

Anathira ufa wa makala m'manja mwa mlezi mmodzi, n'kumuuza kuti asambe m'beseni, wachiwiri asambe momwemo, mpaka wachisanu. Wachisanuyo anatulutsa manja akuda kuposa mmene anawalowetsera. Umu ndi mmene timasambitsira ana athu asanamwe phala, beseni limodzi ana onse, ndipo wamng'ono ndiye amakhala womaliza. Madzi azithiridwa kuchokera m'jagi kapena pa mpondagiya, agwere pansi, sopo akhalepo, kutikita kufike masekondi 20 mpaka m'zikhadabo. Sopo akasowa, phulusa liposa madzi okha. Sanitaiza amene tinazolowera nthawi ya Covid musamudalire apa, pa noro mphamvu yake ndi yochepa.

Pakhomo pamene pali wodwala anati zikhale chonchi. Wosamala mwanayo akhale mmodzi, ndipo ngati n'kotheka wophika akhale wina. Ndikudziwa kuti m'makomo ambiri wosamala ndi wophika ndi munthu yemweyo, ndiye kwa iyeyo sopo asachoke pafupi. Chimbudzi cha mwana chikatayidwe m'chimbudzi nthawi yomweyo, osati kuseri kwa nyumba kumene nkhuku ndi ntchentche zimachipeza, ndipo pabowo pavundikiridwe. Matewera ndi zitenje zoipitsidwa zichapidwe pazokha, madzi ake akathiridwe m'chimbudzi, ziyanikidwe padzuwa mpaka ziume gwa. Kuchapira matewera pamjigo kuleke, ndipo apa a komiti ya mjigo atithandize. Mapampasi asatayidwe pamtunda poti agalu amawamwaza. Pamene mwana wasanzira kapena kuipitsira, yambani mwaola ndi pepala kapena chisanza chotaya, kenaka muthirepo Jik wosungunula, kapu imodzi m'makapu 6 a madzi ngati pabotolo palembedwa 3.5%. Pansi pa dothi, palani dothilo mukalitaye m'chimbudzi. Wodwala akhale ndi kapu, sipuni ndi kansalu kakekake, ndipo mwambo wotafunira mwana kapena kulawa phala ndi sipuni yake uime kaye. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira WaterGuard kapena klorini wa kwa alangizi, mudikire mphindi 30 musanamwe, ndipo kapu yotungira mumtsuko isakhale yomwera.

Za kolera anangotikumbutsa, poti tonse tinaziona. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse ndipo unapha anthu oposa 1,700. Chimbudzi chikakhala chamadzi oyera ngati otsukira mpunga, chochuluka, ndiponso akulu akudwala nawo, musayese zapakhomo, thamangani ndipo alangizi adziwitsidwe tsiku lomwelo. Nthawi ya Tithetse Kolera khomo lililonse linali ndi mpondagiya. Pobwerera ndinkayang'ana m'njira: mitengo yake inadyedwa ndi chiswe, zigubu ana anasandutsa magalimoto.

Chimene ambiri sitinkachiganizira n'chakuti kutsegula m'mimba si kwa dzinja lokha. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akutsata rota kwa zaka zambiri, ndipo amavuta kwambiri m'miyezi yopanda mvula, nthawi imene ife timatayirira. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya kusikelo mu Okutobala 2012, ndi madontho a m'kamwa oyambira pa masabata 6, ndipo kafukufuku wa kuno kwathu anapeza kuti imfa za makanda zobwera ndi kutsegula m'mimba zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Sateteza ku noro kapena kolera, ndipo wolandira akhoza kudwalabe, koma kawirikawiri osati modetsa nkhawa.

Mfundo imene inativuta tonse alezi ndi iyi. Mwana wodwala asabwere kusukulu mpaka patapita masiku awiri athunthu chisiyireni kutsegula ndi kusanza, chifukwa amakhala akufalitsabe tizilombo ngakhale akuoneka kuti wachira. Mlezi wodwala nayenso chimodzimodzi, ndipo asayandikire mphika wa phala. Kunena n'kosavuta. Koma tikudziwa chifukwa chake makolo amatumiza mwana wodwala: mayi ali kuganyu, ndipo phala la pano kwa ana ena ndicho chakudya chokha cha m'mawa. Kumubweza mwana wotere ndi kumumana chakudya pa nthawi imene akuchifunitsitsa. Alezi a kwina anati iwo amalola kholo kapena mkulu wake kubwera ndi kontena yawoyawo kudzatenga phala la wodwalayo, osalowa m'kalasi. Ine ndikuona kuti njira imeneyi tikhoza kuitsata, ndipo ndikupempha komiti iivomereze.

Zina zofuna chigamulo chanu ndi ndalama ya sopo ndi Jik, poti thumba lathu silinaikepo zimenezi, komanso kuti beseni lija lipume ndipo abambo atimangire mipondagiya iwiri, wina pakhomo la chimbudzi, wina pafupi ndi khitchini, yaifupi yoti mwana wa zaka 3 afikire. Ndikupemphanso kuti pasukulu pazikhala mapaketi angapo a Thanzi ndi botolo loyezera, kuti mwana akayamba tili naye, ayambe kumwa kholo lake lisanafike. Alangizi athu avomera kubwera pamsonkhano wa makolo ukubwerawu kudzaonetsa kasungunulidwe ndi katsinidwe ka khungu, ndipo apempha kuti kholo lililonse libwere ndi buku la kusikelo la mwana kuti aone ngati katemera wa rota analandira. Amfumu, uthenga woitanira makolowo tikudalira inu, ndipo agogo aitanidwe nawo, popeza masana ana ambiri amatsala ndi iwo.